Masitazi Awiri ndi Mkaka Wosasa

Ndinalembetsa madigiri awiri a masitazi nthawi imodzi chifukwa m'nyumba mwathu munalibe mwana. Anthu amene amandiyamikira lero kuti ndine mayi wolimbikira sukulu sadziwa zimenezi. Kulimbikira kwake kuti? Ndinali nditakhala pabanja zaka zambirimbiri mimba osaoneka. Masana onse ndinkakhala ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, kuthamanga ndi nkhani za ana a eni: amasiye, othawa kwawo, okanidwa ndi abambo awo. Ndikaweruka ndinkafikira m'nyumba yoti zii, mipando ili momwe ndinaisiyira m'mawa, popanda ndi kapu yomwe yosweka. Kwathu pa Golomoti anthu sachita kukutukwana. Amangokupatsa moni bwinobwino, "Kaya ana kunyumba?" kenako n'kudzigwira pakamwa ngati aiwala. Sanaiwale, ndimawadziwa.

Ndiye nditamva kuti ku yunivesite ina ku Lilongwe munthu wochita masitazi a ntchito yosamalira anthu akhoza kuphatikiza ndi ena a zaumoyo, ndinati apa ndiye pondiyenera. Maphunziro ena ankawerengedwa mbali zonse ziwiri, motero madigiri awiriwo unkawamaliza msanga kusiyana ndi kuchita imodziimodzi. Sitinkakhala kusukuluko chaka chonse. Tinkapita m'magawo: masabata angapo m'kalasi, kenako kubwerera kuntchito utasenza zolemba, pakapita mwezi kapena iwiri n'kupitanso kukalowa gawo la digiri inayo. Anzanga ankadandaula kuti zimenezi sizipatsa munthu mpata wopuma. Ine mpata wopumawo ndi umene ndinkauthawa.

Amayi anga ndi mlimi wa mpunga ku Bwanje, kufupi ndi Golomoti komweko, ndipo pakamwa panga ndinatengera iwo. Nditawauza anasiya kupeta, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Awiri?"

"Awiri, amayi."

"Ndiye uzidzalandira malipiro awiri?"

"Ayi."

"Uzidzakhalira mipando iwiri?"

"Amayi inu!"

"Ndikungofunsa ine, wosaphunzira. Koma mapanga awiri avumbwitsa, mwana iwe. Anzako amadwala malungo, iwe ukudwala sukulu."

Madigiri awiriwo anali ngati akazi a mitala osalankhulana. A zaumoyo ankaona anthu m'magulumagulu: mudzi wonse, boma lonse, ana angati mwa ana angati. A ntchito yosamalira anthu ankati khala pansi ndi munthu mmodzi, umumvetsere mpaka amalize. Ukalembera a zaumoyo za munthu mmodzi ankati ndi nthano imeneyo. Ukapatsa enawo manambala ankafunsa kuti munthu ali pati pamenepa. Koma ine zinkandikoma, chifukwa kuntchito kwanga mavuto sabwera atagawidwa kale. Mwana wonyentchera amene ndinkamupeza cha ku Mua kapena kumidzi ya asodzi, vuto lake linkakhala la m'mimba komanso la m'nyumba.

Chaka choyamba chisanathe ndinayamba kusanza m'minibasi pa msewu wa m'phiri wa Khwekhwelere. Ndinkati ndi makona aja, ndiponso fungo la nsomba zimene anthu amakwera nazo. Amayi ndi amene anandigwira chibwano tsiku lina, n'kunditembenuzira kudzuwa, n'kunena kuti, "Makona ake ati? Iwe uli ndi pakati." Ndinawakalipira kuti asamasewere ndi bala la munthu. Koma zinali zoona, abale. Pa msinkhu woti anzanga akuyembekezera zidzukulu, Mulungu anandikumbukira, ndipo anandikumbukirira pakati pa madigiri awiri.

Mwana anabadwa wamkazi, mochita kung'amba, pa chipatala cha mishoni. Zinavuta. Nditatsitsimuka adokotala anatiuza mosabisa, ine ndi bambo ake, kuti ameneyu ndi woyamba, ndi wotsiriza yemwe. Sindinalire. Ndinali naye pachifuwa akufunafuna bere ndi kakamwa kake, ndiye ndikanalirira chiyani?

Kuyamwitsa ndinakukonda, ndipo sindichita manyazi kunena. Amayi ena amati n'kotopetsa. Kwa ine kunali kubwezeredwa zaka zonse zija. Kamwana kanga kanali ndi kayamwidwe kakekake. Kankayamwa dzanja limodzi litagwira khutu langa, mwendo ukupalasa m'mwamba ngati wakabaza ali pachitunda. Pakati pa kuyamwa kankasiya dala, n'kundiyang'ana, n'kuseka, mkaka ukutsikira m'khosi, kenako n'kubwererapo mwaukali ngati wina afuna kukalanda. Mabuku ambiri a madigiri aja ndinawawerengera pamwamba pa mutu wake, tsamba ndikutembenuza ndi chala chimodzi. Mpaka lero ndikatsegula ena mwa mabukuwo ndimapezamo madontho achikasu. Ndinalumbira mumtima kuti ameneyu ndimuyamwitsa mpaka zaka ziwiri zikwane, ngakhale kupitirira, anthu anene zonena zawo. Wina sadzabweranso, ndiye ndithamangire chiyani?

Magawo a kusukulu sanandivute poyamba. Amayi ankandiperekeza ku Lilongwe, tinkafikira kwa msuweni wanga ku Kawale, iwo n'kumatsala ndi mwana. Masana ndinkathamangira kumeneko kukayamwitsa, n'kubwerera m'kalasi ndikutafuna chimanga chootcha. Amayi ankadandaula ulendo wonse, kuti madzi a m'tauni akununkha mankhwala, kuti mpunga wa m'sitolo ndi mankhusu okhaokha, koma ankabwera.

Zinasokonekera mwana ali pafupi kukwanitsa chaka. Kalendala ya sukulu inasintha, gawo la digiri iyi linagundana ndi la digiri inayo, kumapeto kwake mayeso a mbali zonse ziwiri. Kunali kukhala ku Lilongwe mwezi wathunthu ndi masabata ena pamwamba. Ndipo zinagwera nthawi yowokera mpunga.

"Mbande sizidikira digiri," anatero amayi. "Madzi akalowa m'munda alowa. Ndikapita ku Kawale kwakoko, chaka chino tidya mapepala ako?"

Bambo a mwana ndi mphunzitsi wa pulayimale cha ku Mtakataka, ndipo sukulu inali yotsegula. Ndi munthu wofatsa, wolankhula ngati akuopa kudzutsa wina. Iwo anati, "Amake mwana, bwanji imodzi muyambe mwaiimika? Mudzaitola chaka chamawa." Ndinawafotokozera kuti madigiriwo anali omangirirana. Ukaimika imodzi, maphunziro owerengedwa pawiri aja amamasuka, n'kuyambiranso ulendo wautali. Zinali zoona. Komanso n'zoona kuti ine kusiya chinthu pakati sindimatha, ndipo za mapanga zija zinali zikundiyabwabe m'khutu. Kuhosteli sankalola ana. Zoti ndisiyire wantchito wachilendo mwana amene ndinamudikira zaka zonsezo, m'nyumba ya eni, ndinati ayi. Tinagwirizana kuti mwana atsale ndi agogo ake.

Ine mtima unali m'malo, chifukwa ndinali ndi nzeru yanga. Bere ukamalifinya tsiku ndi tsiku siliuma. Zimenezi ndinali nditaziphunzira, ndinali nditaphunzitsaponso amayi ena pansi pa mtengo kusikelo. Ndizikafinya kumeneko, mkaka ukhalapo, ndikabwera mwana adzapitiriza pomwe anasiyira. Tili pa siteji kudikira minibasi, amayi atamubereka kale mwana kumbuyo, anandiuza kuti, "Ukudziwa kuti mayi akagona kutali ndi mwana mkaka umasasa. Usadzabwere kuno ndi zako zija." Ndinaseka, n'kunena kuti zimenezo n'zamakedzana. Kondakitala anali atatsomphola kale chikwama changa, ndiye nkhaniyo inathera pomwepo.

Koma sukulu ili ndi nkhanza, inu. M'mawa, m'kalasi ya ntchito yosamalira anthu, tinkaphunzira momwe khanda limamangirira mtima wake pa munthu amene amalisamalira tsiku ndi tsiku, ndi zimene zimachitika munthuyo akasowa. Masana, m'kalasi ya zaumoyo, tinkaphunzira ubwino woyamwitsa mpaka zaka ziwiri. Madigiri osalankhulana aja, pa ine anagwirizana. Aphunzitsi akafunsa funso ndinkayankha bwino kuposa onse, tinsalu timene ndinkaika m'kamisolo titanyoweratu.

Pakati pa makalasi ndinkathamangira kubafa la hosteli. Kuwerama pa sinki, kufinya, kufinya, manja mpaka kuchita dzanzi. Firiji kunalibe, ndipo ikanakhalapo, mkakawo ndikanautumiza bwanji ku Golomoti, pa minibasi ndi dzuwa lija? Ndinkangouona ukuyenda m'sinkimo, woyera bwino, wofunda, kenako n'kutsegula mpope. Mnzanga wa m'chipinda, namwino wa ku Mzimba, ankandiseka kuti, "Ng'ombe ya boma yakamidwa?" Tsiku lina anandipeza ndikulira pa sinkipo, ndipo sanadzandisekenso. Anayamba kundibweretsera thobwa, ati limachulukitsa mkaka. Ndinkamwa ndithu, ngakhale m'buku munalibe zimenezo.

Ndinkaimba foni tsiku lililonse. Amayi ankayankha ali m'matope, ine ndikumva madzi ndi achule ndi azimayi akukuwirana minda. Ndinkatseka maso, n'kumaona malo amene amugoneka, pamzere wouma pakati pa minda, pansi pa ambulera yothyoka. Masiku oyamba ndinkamumva akulira chapatali, kulira kwa mwana amene mawu amuthera, ndipo mabere ankangoyamba okha kuchucha. Amayi ankati, "Dula foni, ukumuwonjezera." Kenako tsiku lina anandiuza mosangalala kuti, "Wasiya kulira mwana wako. Akudya phala ngati waganyu, lothira nsinjiro. Dzulo wanyambita ndi kambatata komwe." Ndinati zikomo. Ndinayenera kukondwa, ndipo pang'ono ndinakondwa. Koma mumtima ndinkafuna akanalirabe pang'ono. Ndi mayi wanji amafuna mwana wake azilira? Ine amene.

Mayeso ndinalemba, a mbali zonse ziwiri. Tsiku lobwerera sindinafinye kuyambira m'mawa, ndinati ndimusungire wonse. Pofika pa Masasa chifuwa chinali chitauma gwa, bampu iliyonse ndikudziluma mlomo. Titayamba kutsika Khwekhwelere kutentha kwa kwathu kunalowa pa zenera, kumunsi minda ya mpunga yabiriwira mpaka uko, ine ndikungoona ngati dalaivala akuchita dala kuyenda pang'onopang'ono. Ndinamuuza kuti ngati galimoto yamukanika atipatse tiyendetse tokha. Anthu anaseka, koma ine sindinkaseka.

Ndinawapeza amayi pakhonde akusoka thumba. Mwana anali ataimirira, atagwira bondo lawo. Ataimirira! Ine ndinamusiya akukwawa. Anali atanenepa, tsitsi atamumeta, m'kamwa mwatuluka mano ena amene sindinawaone akumera. Ndinaponya chikwama pansi, moni osapereka, kumasula mabatani ndikuyenda.

Amayi anadzuka, n'kuima pakati pa ine ndi mwana.

"Tseka."

"Amayi, ndipatseni mwana wanga."

"Mwana ndikupatsa, umunyamule, umupsompsone mpaka mawa. Koma berelo ayi. Mkaka wa mwezi wathunthu? Wasasa umenewo. Ufuna undiphere mwana?"

"Sunagone m'menemu mwezi! Ndakhala ndikufinya tsiku lililonse. Bere si chipanda choti mkaka uzisasiramo."

"Chipanda, kaya chiyani, ine ndakana."

Ndinapsa mtima. Ndinawauza za m'mabuku, mokweza, mpaka azimayi a nyumba yoyandikana anatuluka ngati akukayanika zovala. Ndinati ndawerenga, ndalemba mayeso, ndimaphunzitsa anthu zimenezi, ndiye ndilephere pa mwana wanga yemwe? Amayi anandisiya ndilankhule mpaka mpweya unandithera. Kenako analankhula motsitsa, ndi mawu amene sindinawazolowere pakamwa pawo.

"Mchimwene wako uja ndinamupha ndi bere ine."

Ndinkadziwa kuti ndisanabadwe panali mwana wamwamuna amene anamwalira ali khanda. Koma nkhani yake sinkakambidwa pakhomo pathu.

"Ndinapita kumaliro a amalume ku Ntcheu, mvula ili pakati. Mitsinje inadzaza, ndinagonako masiku. Mwana ndinasiyira agogo ako. Pobwera anandiletsa, anati mkaka wasasa. Ine kumumvera chisoni mwana, ndinakamuyamwitsa mobisa kuseri kwa nkhokwe. M'mawa mwake anayamba kutsekula m'mimba. Sabata sinathe." Anandiyang'ana m'maso. "Ndiye iwe ukuti buku."

Mkwiyo wonse unandithera. Ndinakhala pansi pakhondepo, mabatani ali chimasulire. Ndinawafunsa kuti masiku amene iwo kunalibe, mwanayo ankamupatsa chiyani. Anati phala lamadzimadzi ndi madzi, nanga n'chiyaninso china. Madzi ake otunga kuti? Pachitsime cha kudambo, mijigo kunalibe nthawi imeneyo. Owiritsa? Anandiyang'ana ngati ndafunsa zamisala.

"Amayi," ndinatero, "nthawi ya mvula zonyansa zonse zimakokolokera m'chitsime. Matendawo ayenera kuti anali atalowa kale inu musanafike. Mwana amene anaikidwa kalekale palibe angamupime, koma ichi chokha ndikuchidziwa: mkaka susasa m'bere. Sunali mkaka wanu."

Anabaya singano pathumba lija.

"Ukuti sunali mkaka wanga?"

"Sunali."

"Usandinamize pofuna zako."

"Ndikanafuna kukunamizani, ndikanangodikira mupite kumunda n'kumuyamwitsa mobisa."

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kumina. Kenako anamunyamula mwana, n'kumuika pamiyendo panga.

"Mpatse."

Ndinamuyangata monga kale, mutu pa mkono wamanzere. Anali wolemera kuposa momwe ndinamusiyira. Sanalire. Anandiyang'ana bwinobwino, mwaulemu, ngati mlendo amene anamuonapo kwinakwake. Ndinamuyandikizira bere, mkaka ukudontha wokha pa tsaya lake. Anatembenuza mutu. Ndinayesa mbali inayo. Analigwira ndi dzanja, kuliyang'ana, n'kulikankha, kenako anadzipotokola n'kutsetsereka pamiyendo panga, ulendo kwa agogo ake.

"Wakhuta," anatero amayi msangamsanga. "Wangodya kumene phala. Tiyesa madzulo."

Amayi omwe aja, oima pakati aja, ndi amene anayamba kulimbikira kuposa ine. Madzulo phala anamumana dala. Anandiuza ndizimubereka kumbuyo tsiku lonse kuti azolowere fungo langa. Anandiuza ndimugoneke pamphasa panga, ndimupatse ali m'tulo tamasana. Anafinya okha bere langa ndi zala zawo zokhakhala ndi matope, n'kumupaka mwana pamilomo. Iye ananyambita, n'kukwinya nkhope, n'kulavula. Amayi anamukalipira ngati munthu wamkulu: "Iwe, chitsiru! Anzako akuufuna umenewu!" Mwana anaseka, n'kuloza mbale ya phala.

Tinayesa masiku angapo. Bambo ake nawonso anayesa kumunyengerera, kumuimbira tinyimbo ta ana a sitandade wani, koma sizinathandize. Ineyo mwana anandizolowera msanga ndithu. Ankandikwera, ankandikoka tsitsi, ankagona pamsana panga. Bere lokha ndi limene anaiwala, kuiwaliratu ngati sanalionepo.

Ndikanadziwa kuti kuyamwitsa kwa m'mawa uja, tisanapite pa siteji, kunali kotsiriza, sindikanayang'ana wotchi. Ndinamuchotsa pabere ndi chala asanamalize, chifukwa minibasi za m'mawa sizichedwa kudzaza. Kuyamwitsa kumeneko ndimakufuna mpaka lero, kuti ndingokumalizitsa basi. Mwanayo ndi mtsikana wamkulu tsopano, watsala pang'ono kundipitirira msinkhu. Madigiri onse awiri ndinawatenga, ndipo andigwirira ntchito, sindinganame. Koma ndikakhala pafupi ndi mayi woyamwitsa m'minibasi ndimayang'ana kuzenera.

Masiku amene mwana ankakana bere aja mabere anatupa, thupi linayamba kutentha. Ndikanatha kupitiriza kufinya, koma kufinyira yani? M'mawa wina amayi sanapite kumunda. Anatenga chitenje chakale cholimba, n'kundiitanira kuseri kwa nyumba, kubafa la udzu. Buku limaletsa kumanga mabere, koma sindinalitchule. Ndinavula bulauzi, n'kukweza manja. Anazunguliza chitenjecho pachifuwa panga, bondo lawo atalitsamiritsa pamsana panga, n'kukoka. Ululu wake unafika mpaka m'mano. Pakhonde mwana ankamenya supuni pa mbale, akuimba zakezake.

"Ndikukupweteka?" anafunsa amayi.

"Eee."

"Ndimasule? Mwina tiyesenso mawa."

Ndinamvetsera supuni ija kanthawi.

"Mangitsani, amayi."